Zilombo zikuluzikulu zodya nyama za nthawi ya ma dinosaur: mafunso ndi mayankho

Mukafunsa mwana aliyense kuti atchule dinosaur mmodzi, adzati Tyrannosaurus rex, mwachidule T. rex. Ndiye ali pa malaya, pa zidole ndi m'mafilimu. Koma mafupa amene akatswiri akhala akufukula akusonyeza kuti mkuluyu anafika mochedwa, gule atatsala pang'ono kutha. Asanabwere iye, mafuko ena a zilombo anali atakula kale n'kutha, ndipo ena mwa aakulu kwambiri ankakhala mu Africa muno.

Kodi dinosaur ndi buluzi wamkulu basi?

Dzinalo limatanthauza zimenezo, koma nyamayo ayi. Richard Owen wa ku England ndiye anapeka mawuwa mu 1842 kuchokera ku Chigiriki, ndipo amatanthauza buluzi woopsa. Yang'anani buluzi kapena ng'anzi akamayenda: miyendo imatulukira m'mbali, mimba ili pafupi ndi dothi, thupi likupindikapindika. Miyendo ya dinosaur inali pansi pa thupi, yoongoka ngati ya ng'ombe kapena ya nthiwatiwa. Pa zamoyo za lero, mbale wake wapatali ndi ng'ona, ndipo mbalame ndi mdzukulu wake weniweni.

Odya nyama onse amene tikukamba pano ali m'gulu limodzi lotchedwa theropod. Ankayenda ndi miyendo iwiri, mchira wautali kumbuyo ukulinganiza kulemera kwa mutu.

Fupa limasanduka bwanji mwala, ndipo zaka zake amaziwerenga bwanji?

Nyama zambiri zikafa sizisiya kanthu. Zina zimadya mtembo, dzuwa ndi mvula n'kumaliza zotsala. Fupa limapulumuka ngati lakwiririka msanga ndi matope kapena mchenga, monga zimachitikira mtsinje ukasefukira. M'kupita kwa nthawi madzi apansi amalowa m'timabowo ta fupalo n'kusiyamo mchere wa m'nthaka, mpaka fupa limalemera ndi kulimba ngati mwala. Matope aja nawo amauma n'kukhala thanthwe. Kenaka pafunika mwayi wina: kuti nthaka ikokoloke, fupa lionekere, munthu alione lisanafumbutuke.

Zaka zake nthawi zambiri sayeza pa fupa lenilenilo. Amafufuza phulusa la mapiri ophulika limene lili pamwamba kapena pansi pake. M'phulusamo mumakhala timiyala totchedwa zircon, tokhala ndi uranium, amene amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika bwino. Akayeza kuchuluka kwa ziwirizi amadziwa pamene phirilo linaphulika, ndipo fupa lili pakati pa mizere iwiri ya phulusa ndiye kuti zaka zake zili pakati pomwepo. Njira ya carbon imene ambiri anamvapo siigwira ntchito apa, chifukwa imalekera pa zaka pafupifupi 50,000.

Kodi odya nyamawa anayamba ali aakulu kale?

Ayi. Ma dinosaur akale kwambiri odziwika bwino ndi a zaka pafupifupi 230 miliyoni zapitazo, ndipo ambiri anapezeka ku Ischigualasto m'dziko la Argentina. Eodromaeus, mmodzi wa odya nyama oyambirira, anali wotalika mita imodzi ndi pang'ono kuyambira kumphuno mpaka kunsonga ya mchira. Nthawi imeneyo oopsa enieni anali achibale a ng'ona oyenda pamtunda. Zaka 201 miliyoni zapitazo kunachitika kuphulika kwakukulu kwa ziphalaphala pamene mtunda umodzi wa dziko lonse unkayamba kung'ambika, achibale a ng'ona aakulu aja anatha, bwalo n'kutsalira ma dinosaur.

Sanachedwe kuligwiritsa ntchito. Ku Lesotho, mu 2017, akatswiri analengeza za mapazi a zala zitatu odindika pa thanthwe, phazi limodzi lotalika masentimita 57. Mwini wake ayenera kuti anali wa mamita 9, zaka pafupifupi 200 miliyoni zapitazo. Pofika zaka 150 miliyoni zapitazo, Allosaurus anali atadzaza kumadzulo kwa America. Pa malo amodzi okha ku Utah, otchedwa Cleveland-Lloyd, anafukulapo mafupa a ma Allosaurus osachepera 46.

Pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Zithunzi zimaika zilombo zonsezi pamodzi ngati zinkakumana pa dambo limodzi. Kuchokera pa Allosaurus kufika pa T. rex panadutsa zaka zoposa 80 miliyoni, pamene kuchokera pa T. rex kufika pa ife ndi zaka 66 miliyoni. Ndiye kuti T. rex ali pafupi ndi ife kuposa ndi Allosaurus.

Nanga makolo a T. rex anali kuti nthawi yonseyi?

Analipo, akungozemba m'mapazi mwa eni malo. Apa ndi pamene nkhani yasintha kwambiri m'zaka 25 zapitazi. Kale anthu ankaganiza kuti T. rex ndi mdzukulu wa Allosaurus, popeza onse ndi aakulu, a mitu ikuluikulu. Mafupa a m'chibade ndi m'chiuno anadzaonetsa kuti iye ndi wa banja lina, loyandikana ndi mbalame.

Mmodzi wa makolo akale kwambiri odziwika ndi Proceratosaurus, wa ku England, wa zaka zoposa 165 miliyoni zapitazo, kanyama ka mamita atatu. Ku China kunapezeka Guanlong, wa zaka 160 miliyoni zapitazo, wa msinkhu womwewo, wokhala ndi lipombo pamphuno ngati tambala ndi manja aatali a zala zitatu. Papita zaka 60 miliyoni kuchokera apo, mukawayang'ananso mupeza ambiri akadali aang'ono. Moros intrepidus, amene Lindsay Zanno ndi anzake anamulengeza mu 2019 kuchokera ku Utah, anakhalako zaka 96 miliyoni zapitazo ndipo ankalemera makilogalamu pafupifupi 78, ngati munthu wamkulu. M'dera lomwelo munali Siats, chilombo cha m'banja la Allosaurus choposa mamita 9. Moros akanachita chibwana akanakhala ndiwo.

Ku Uzbekistan kunapezeka Timurlengia, wa zaka 90 miliyoni zapitazo, wamkulu ngati hatchi. Atajambula m'kati mwa chibade chake ndi makina a CT, ojambula za m'kati mwa thupi, Steve Brusatte ndi anzake anapeza kuti ubongo ndi khutu la m'kati zinali kale ngati za T. rex, khutu lotha kumva phokoso lotsika lochokera patali. Nzeru ndi makutu zinatsogola, thupi linabwera pambuyo. Mu 2025 analengezanso Khankhuuluu wa ku Mongolia, wa zaka pafupifupi 86 miliyoni zapitazo ndi makilogalamu pafupifupi 750, amene akukhala ngati mlatho pakati pa aang'ono ndi aakulu. Mafupa ake anali atafukulidwa kale m'ma 1970 n'kumangokhala m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, anthu akuwayesa a nyama ina.

Chimene chinawatsegulira njira n'chakuti banja la Allosaurus ndi Carcharodontosaurus, mbale wake wa mu Africa, linatha cha m'ma zaka 90 miliyoni zapitazo, nyengo itatentha kwambiri ndipo nyanja zitasefukira pamtunda. Pofika zaka 80 miliyoni zapitazo, ma tyrannosaur (a m'banja la T. rex) aakulu ngati Lythronax anali atatenga mpando ku North America. T. rex mwini anakhalako kuyambira zaka 68 mpaka 66 miliyoni zapitazo basi. Banja linadikira nthawi yaitali lili laling'ono kuposa nthawi imene linakhala pa ufumu.

N'chiyani chinkathandiza nyama yodya nyama kukula chonchi?

Choyamba ndi chakudya. Kumene kunali odya masamba aakulu, odya nyama nawo ankakula. Chachiwiri ndi kapumidwe. Ma theropod anali ndi timatumba ta mpweya tolowerera mpaka m'mafupa a msana, ngati mbalame. Mafupa ankapepuka osataya mphamvu, ndipo mapapo ankalandira mpweya wabwino pokoka ndi potulutsa pomwe. Chachitatu ndi mazira: mayi woikira mazira ambiri aang'ono sanyamula mimba yolemera kwa miyezi 22 ngati njovu.

Kakulidwe kake kamawerengeka m'fupa. Mukalidula n'kuliika pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono, mumaona mizere yozungulira ngati ya m'thunthu la mtengo, mzere umodzi chaka chimodzi. Gregory Erickson ndi anzake atawerenga mizereyi mu 2004 anapeza kuti T. rex wa zaka 14 mpaka 18 ankawonjezera makilogalamu awiri tsiku lililonse.

Timanja ta T. rex tinali ta ntchito yanji?

Dzanja lake linali lotalika pafupifupi mita imodzi, la zala ziwiri, pa thupi la mamita 12. Silinkafika n'kukamwa komwe. Ena amati linkagwira nyama yophiriphitha, ena amati linkamuthandiza podzuka. Ine ndimaona kuti funso labwino ndi lakuti n'chifukwa chiyani manjawo anafupika, ndipo yankho linachokera ku Argentina. Mu 2022 analengeza Meraxes gigas, wa m'banja la Carcharodontosaurus, amene anafa zaka zoposa 20 miliyoni T. rex asanabadwe ndipo sanali mbale wake wapafupi. Nayenso mutu waukulu, timanja tating'ono. Banja lachitatu, la Carnotaurus ndi Majungasaurus, timanja take n'tochititsa manyazi kuposa apa. Mafuko atatu osiyana anafika pa mapangidwe amodzi aliyense payekha: mutu ukayamba kugwira ntchito yonse yakupha, manja amatsalira.

Kodi mu Africa munali zilombo zofanana ndi T. rex?

T. rex sanapondeko kuno. Koma zaka 95 mpaka 100 miliyoni zapitazo, kumene lero kuli chipululu cha Sahara kunali mitsinje ikuluikulu, madambo ndi nsomba zazikulu ngati bwato, ndipo kunkakhala zilombo zingapo za msinkhu wa T. rex pa nthawi imodzi.

Mu 1912, Richard Markgraf, amene ankatolera mafupa m'malo mwa katswiri wa ku Germany, Ernst Stromer, anafukula mafupa achilendo ku Bahariya m'dziko la Egypt. Panali nsagwada yaitali ngati ya ng'ona, mano osongoka opanda macheka, ndi minga ya pamsana yotalika mpaka mamita 1.65, kutalika kwa munthu. Stromer anachitcha chilombocho Spinosaurus aegyptiacus mu 1915. Mu 1931 anapatsanso dzina china, Carcharodontosaurus, chifukwa mano ake amafanana ndi a shaki. Mafupa onsewa anawasunga ku Munich. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itakula, Stromer anapempha kuti awasamutsire kobisika, koma sanamumvere. Usiku wa pa 24 April 1944 ndege za Britain zinaponya mabomba mumzindawo, mafupa amene anapirira zaka 95 miliyoni n'kuthera pomwepo. Kunatsala zojambula, zolemba ndi zithunzi zochepa.

Panatenga zaka zoposa 50 kuti zilombozi zionekenso bwino. Mu 1995 Paul Sereno wa ku Chicago anapeza chibade cha Carcharodontosaurus chotalika pafupifupi mamita 1.6 m'dera la Kem Kem ku Morocco. Mu 1997 gulu lake linapeza Suchomimus ku Niger, mbale wa Spinosaurus wa chikhadabo chachikulu ngati chikwakwa pa chala chachikulu.

Za Spinosaurus mwini zinabwera mwa mwayi. Mu 2008 Nizar Ibrahim, ali wophunzira, anagula katoni ya mafupa kwa munthu wina wokumba m'tauni ya Erfoud ku Morocco. Pambuyo pake anakaona mafupa ena ku Milan m'dziko la Italy, a mtundu ndi maonekedwe omwewo, n'kuzindikira kuti ndi a nyama imodzi. Kuti adziwe pamene anakumbidwa anayenera kumupezanso munthu uja, pomwe dzina sankalidziwa, ankangokumbukira ndevu za pamlomo. Anamupeza mu 2013, iye n'kuwatsogolera kuphiri. Zimene anafukula kumeneko zinaonetsa nyama ya miyendo yakumbuyo yaifupi ndi mafupa olemera opanda mphako, ndipo mu 2020 analengeza mchira wake, wotambalala ngati nkhafi.

Mkangano ulipobe. Ibrahim ndi anzake amati Spinosaurus ankasambira n'kumathamangitsa nsomba pansi pa madzi. Sereno ndi ena amati thupilo silikanamira bwino, ankangoima m'madzi osaya ngati kakowa n'kumajompha. Zoti ankadya nsomba palibe akutsutsa.

Ndiye wamkulu pa onse anali ndani?

Pa kutalika, Spinosaurus, mamita 14 kapena 15. Pa kulemera, T. rex akuoneka kuti ndiye, matani 8 kapena 9 kwa aakulu kwambiri. Giganotosaurus, amene Rubén Carolini anamupeza ku Argentina mu 1993, ali pafupi pomwepo. Koma mpikisanowu si wachilungamo. Mafupa a T. rex apezeka a nyama makumimakumi, ndipo T. rex wotchedwa Sue, amene Sue Hendrickson anamupeza ku South Dakota mu 1990, ali pafupifupi wathunthu, mamita 12.3. Enawa timawayeza ndi mafupa a nyama imodzi kapena ziwiri zoperewera ziwalo. Zili ngati kufuna kudziwa munthu wamtali m'boma lonse mutangokumana ndi anthu awiri panjira.

Nanga kuno kwathu kunapezeka chiyani?

Ku Karonga, m'dera la Mwakasyunguti, muli miyala ya zaka zoposa 100 miliyoni imene akatswiri amaitcha Dinosaur Beds. Frank Dixey anatolako mafupa m'ma 1920, ndipo Sidney Haughton anawalemba mu 1928. Kuyambira m'ma 1980, Louis Jacobs wa ku Texas pamodzi ndi akatswiri a ku Malawi anakumbanso, ndipo mu 1993 nyamayo inapatsidwa dzina lakuti Malawisaurus dixeyi. Elizabeth Gomani Chindebvu, Mmalawi, ndiye analemba za Malawisuchus mu 1997, kang'ona kakang'ono ka mano onga a nyama zoyamwitsa, komanso za Karongasaurus mu 2005. Chifanizo cha mafupa a Malawisaurus chaima m'nyumba ya Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Malawisaurus ndi Karongasaurus anali a khosi lalitali, odya masamba. Za odya nyama m'miyala imeneyi mwapezeka mano. Musawapeputse. Ma theropod ankagwetsa mano moyo wawo wonse, ena n'kumamera, ndiye dzino lopezeka pafupi ndi mafupa a nyama ina nthawi zambiri limanena amene anadya pamenepo.

Ku Zimbabwe mano otere anapusitsapo akatswiri. Mu 1969, pa chilumba china cha m'nyanja ya Kariba, anapeza mafupa a nyama yaikulu yopanda mutu, pambali pake pali mano akuthwa ngati mipeni. Michael Raath anaitcha Vulcanodon mu 1972, poganiza kuti manowo ndi ake. Zinadzadziwika kuti Vulcanodon ankadya masamba, ndipo manowo anali a chilombo chimene chinkadya mtembo wake. Dzina linakhala lomwelo. Ku Tanzania, pa phiri la Tendaguru pafupi ndi Lindi, Ajeremani anakumba kuyambira 1909 mpaka 1913, amuna mazanamazana a kumeneko akukumba ndi kusenza mafupa pamutu ulendo wa masiku angapo mpaka kudoko. Pakati pa mafupawo panali a Elaphrosaurus ndi a Veterupristisaurus, mmodzi wa akale kwambiri m'banja la Carcharodontosaurus. Mafupawo ali ku Berlin mpaka lero.

T. rex anali mkango kapena fisi?

Funsoli limaiwala kuti fisi amasaka ndipo mkango umalanda zofa kale. T. rex ankachita zonse ziwiri. Umboni wakusaka unalengezedwa mu 2013: mafupa awiri a mchira wa dinosaur wodya masamba, dzino la T. rex litathyokera pakati pake, fupa litapola n'kulikuta dzinolo. Bala silipola pa nyama yakufa. Inalumidwa ili moyo, n'kuthawa.

Ku Saskatchewan m'dziko la Canada kunapezeka ndowe yosanduka mwala yotalika masentimita 44, yodzaza zidutswa za mafupa. Mano a T. rex anali onenepa ngati nthochi, ena masentimita 30 pamodzi ndi muzu, ophwanya fupa. A Carcharodontosaurus anali opyapyala, ochekera nyama. M'mimba mwa Baryonyx, mbale wa Spinosaurus amene William Walker anamupeza ku England mu 1983, munali mamba a nsomba. Ku Madagascar, mafupa a Majungasaurus ali ndi zipsera za mano a Majungasaurus mnzake.

N'zoona kuti zinali ndi nthenga, ndipo nkhuku ndi mbale wake?

Zina zinali nazo ndithu. Ku Liaoning m'dziko la China, phulusa losalala linasunga ngakhale nthenga. Dilong, kholo laling'ono la ma tyrannosaur lolengezedwa mu 2004, anali nazo, chimodzimodzi Yutyrannus wa mu 2012, amene anali wa mamita 9. Tizigamba ta khungu la T. rex tomwe tapezeka tili ndi mamba, choncho ngati anali ndi nthenga zinali zochepa.

Za nkhuku, tsiku lina mukapha ya ndiwo musafulumire kutaya mapazi. Onani zala zitatu zoloza kutsogolo, kachala kamodzi kumbuyo, mamba ndi zikhadabo, kenaka muyerekeze ndi chithunzi cha phazi la ku Lesotho lija. Mukamatafuna fupa la mwendo onani mphako yake. Kafupa ka mphanda ka pachifuwa kaja T. rex analinso nako. Nkhuku siinachokere kwa T. rex mwini, koma ku nthambi ya ma theropod aang'ono a banja loyandikana nalo.

Zinatha bwanji, ndipo anthu anazionapo?

Zaka 66 miliyoni zapitazo chimwala cha m'mlengalenga cha makilomita pafupifupi 10 m'mimba mwake chinagwa kumene lero kuli Yucatán ku Mexico, n'kusiya dzenje la Chicxulub, la makilomita pafupifupi 180. Fumbi ndi utsi zinaphimba dzuwa, zomera zinafota, odya masamba anafa, owadya n'kutsatira. Nyama ya matani 8 siikhala ndi pobisala kapena chakudya chochepa choikwanira. Mbalame zina zing'onozing'ono zinapulumuka. Spinosaurus ndi Carcharodontosaurus sanalione tsikuli, anali atatha kalekale, ndipo mu Africa munali mutatsala banja la Majungasaurus lija.

Munthu sanakumanepo nazo. Nsagwada ya munthu wakale imene inapezeka ku Uraha, ku Karonga komweko, mu 1991, ndi ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zokha.

Ndikapeza fupa lotere, ndingaligulitse?

Mitengo yakunja imakopa. Sue anagulidwa ndi Field Museum ya ku Chicago mu 1997 pa madola oposa 8 miliyoni, ndipo T. rex wina wotchedwa Stan anapita pa madola 31.8 miliyoni mu 2020. Izo zimatheka chifukwa ku America fupa lopezeka pa malo a munthu ndi la mwini malo. Ku Malawi zinthu zotere zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo kukumba kapena kutulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu.

Mukaona fupa lolemera ngati mwala likusuzumira m'chigwembe mvula itakokolola, musalizule ndi khasu. Limaoneka lolimba koma limathetheka, ndipo akatswiri amayamba alikuta ndi ziguduli zoviika mu pulasitala asanalinyamule. Lijambuleni ndi foni, muike kandalama kachitsulo kapena cholembera pambali kuti kukula kwake kuoneke, mujambulenso malo onse kuti mzere wa thanthwe limene lilimo udziwike. Uzani amfumu, kenaka a nthambi ya boma yoona za Museums and Monuments kapena a ku nyumba ya zinthu zakale ya ku Karonga, ndipo fupalo mulisiye pomwepo mpaka iwo afike.